Atambala atatu m'khola limodzi

Loweruka lapitali ndinali ku ukwati wa mwana wa achimwene anga, ku holo ina mu Lilongwe. Perekani-perekani atafika pakati, matumba a anthu atayamba kupepuka, mnyamata wa zoimbira anatsitsa phokoso n'kulengeza kuti tsopano mkwati ndi mkwatibwi avine awiri okha. Kenako inayamba gitala ija. Mukuidziwa, ngakhale dzina lake musalidziwe: timawu todukaduka, tokwera n'kutsika, ngati madontho ogwa pa ndowa mvula itangokata. Amayi analuluta. Azakhali anga, omwe Chingerezi chawo chimathera pa moni, anatseka maso n'kumagwedeza mutu ngati ali m'pemphero la m'mawa.

Ine ndinangogwira botolo langa la Fanta n'kumaseka chamumtima. Nyimbo ija ndi "Every Breath You Take" ya gulu la The Police, ndipo ngati pali nyimbo imene siyenera kulira pa ukwati, ndi imeneyi. Woimbayo mkazi wamuthawa. Sakumufunira zabwino ayi. Akumuuza kuti kulikonse kumene apite, chilichonse chimene achite, diso lake lili pa iye. Kuno munthu wotere timati ngwolondalonda, ndipo akapitiriza timakamunenera kwa amfumu.

Nditafika kunyumba usiku umenewo ndinamvetsera chimbale chonse chimene muli nyimboyi, Synchronicity, cha mu 1983, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Panali patapita zaka zambiri ndisanachite zimenezi.

Ndinachidziwira pa kaseti ya amalume. Anabwera nayo kuchokera ku Joni cha m'ma 1987, pamodzi ndi jekete lachikopa, bulangete lolemera lojambulidwa mkango, ndi wailesi ya masipika awiri imene inkameza mabatire asanu ndi limodzi ngati nkhuku pa chimanga. Pachikuto panali mizere itatu ya utoto, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, ndi tizithunzi ta azungu atatu a tsitsi loyera. Ndinali Sitandade 5, ndipo apolisi oimba amene ndinkawadziwa anali a Police Orchestra omwe tinkawamva pa MBC. Ndinafunsa amalume ngati kwa azungu nakonso apolisi ali ndi bandi.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Si apolisi awa, iwe. Ndi anyamata opanda mwambo basi. Katenge cholembera ubweze tepiyo, usandithere mabatire."

Ntchito yanga inakhala imeneyo: kulowetsa cholembera cha Bic pa bowo la kaseti n'kumazunguza, kuti wailesi isavutike kubweza yokha. Mwina n'chifukwa chake ndandanda wa nyimbo za m'chimbalechi ndimaudziwa kuposa mayina a adzukulu anga ena.

Amalume sankanama kwambiri. Gululi linayamba ku London mu 1977, nthawi imene achinyamata a kumeneko anali atatopa ndi oimba akuluakulu n'kuyambitsa chamba cha punk, chaphokoso, chachangu, chimene kusadziwa kuimba kunali ngati ulemu. Pambuyo pake panabwera magulu amene anatenga mphamvu ya punk koma n'kuikamo luso ndi nyimbo zogwira khutu, ndipo anthu anawatcha new wave: Blondie, Talking Heads, The Cars ndi ena. A The Police analowa pakhomo limeneli mozemba, chifukwa onse atatu anali akatswiri kale ndipo ankangonamizira umbuli kuti apeze malo oimbira. Stewart Copeland, wa ng'oma, ndi amene anayambitsa gululi n'kulipatsa dzina. Ndi wa ku America koma anakulira ku Cairo ndi ku Beirut, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya ukazitape ku CIA. Sting, dzina lake lenileni Gordon Sumner, anali mwana wa wogulitsa mkaka wa ku Wallsend pafupi ndi Newcastle, anaphunzitsapo sukulu ya pulayimale, usiku n'kumaimba besi m'gulu la jazz. Andy Summers, wa gitala, anali wamkulu kwa anzakewo ndi zaka pafupifupi khumi, ndipo anali atazungulira kale m'magulu a m'ma 1960, kuphatikizapo The Animals.

Chimene chinawatchukitsa poyamba n'chimene ife kuno tingachimve msanga: reggae. Anatenga kagundidwe ka ku Jamaica, besi yosiya mipata, gitala yomenya pambali, n'kusakaniza ndi liwiro la rock. Chimbale chawo chachiwiri anachitcha Reggatta de Blanc, ngati kuvomereza okha kuti iyi ndi reggae ya azungu. Pofika pa chachisanu, chimene tikukambachi, reggae ija inali itatsala fungo chabe. Ndipo gululo silinalinso la Copeland. Nyimbo zogulitsa zonse ankalemba ndi Sting, nkhope ya pa magazini inali ya Sting, ndalama zambiri zinkapita kwa Sting. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Umu munali atatu.

Mu Disembala 1982 anapita ku Montserrat, kachilumba kakang'ono ka ku Caribbean, ku situdiyo ya AIR imene George Martin, mkulu uja anajambula zimbale za The Beatles, anamanga mu 1979. Anali atajambulirako kale chimbale chachinayi. Malo okongola, nyanja pansi, phiri kumbuyo, dziwe losambira pakhomo. Koma tamverani mmene anakhalira mkatimo. Copeland ndi ng'oma zake anamuika m'chipinda chodyera, m'mwamba, motentha, akuona anzake pa kasikirini. Sting ankaimba besi ali m'chipinda cha makina, pambali pa wojambula, Hugh Padgham. Summers anali yekhayekha mu situdiyo yeniyeniyo. Padgham ananena kuti anachita zimenezi pofuna kuti mawu a chida chilichonse amveke bwino, komanso, m'mawu aulemu, pa zifukwa za kakhalidwe. Ife tinganene mosabisa: banja linali litasiya kugona chipinda chimodzi.

Ndipo monga zimakhalira banja likafika pamenepa, panafunika ankhoswe. Summers anafotokoza m'buku la moyo wake kuti tsiku lina zinthu zitafika poipa anayenda wapansi kupita kunyumba kwa George Martin, tsidya lina la chigwa, kukamupempha kuti abwere adzawathandize. Mkuluyo anamulandira, anamwa naye tiyi, koma kubwera sanabwere. Anamubweza kuti akakambirane okha, atha kuzikonza. Nkhoswe weniweni anali Miles Copeland, manijala wa gululo, yemwe anachita kuitanidwa kuti adzawakhazike pansi. Tsono taganizani: nkhoswe ameneyu ndi mchimwene wake wa Stewart, bere limodzi, koma ndalama zimene iye amadyapo zimachokera ku nyimbo za Sting. Mlandu wotere sungaweruzidwe mpaka kutha. Umangokankhidwira kutsogolo. Anamaliza kujambula, n'kupita ku Le Studio ku Quebec, m'dziko la Canada, kukasakaniza mawu m'nyengo ya chisanu, ndipo kumeneko Sting ndi Copeland ankachita kusinthana nthawi. Wina akalowa n'kuikamo zake, mnzake amabwera pambuyo n'kufufuta.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti ukamamvetsera sungadziwe. Kapena ndinene kuti ungadziwe, koma osati mmene ungaganizire. Sumva chisokonezo. Umamva anthu atatu amene aliyense akumvetsera mnzake mwatcheru kwambiri, ngati mmene umamvetsera mapazi a munthu amene wayambana naye akamayenda m'chipinda china. Aliyense akudziwa pamene mnzake apumire. Aliyense akudikira mpata woti alowetse lake.

Dzina la chimbalechi Sting analitenga kwa Carl Jung, katswiri wa za maganizo wa ku Switzerland, kudzera m'buku la Arthur Koestler. Jung ankati pali zinthu ziwiri zimene zimachitika nthawi imodzi, china sichinayambitse chinzake, komabe zimalumikizana m'tanthauzo. Azungu anafunika mawu aatali ndi mabuku kuti afotokoze zimenezi. Agogo anga akanangoti malodza. Kadzidzi walira padenga usiku, m'mawa uthenga wa maliro wafika. Kadzidzi sanaphe munthu, koma ndani angawauze agogo kuti ziwirizi n'zosiyana? Nyimbo yotseka mbali yoyamba, "Synchronicity II", ndi malodza enieni. Bambo wina wa m'tauni akudzuka m'nyumba yaphokoso, mkazi akudandaula, agogo akukalipira khoma, kuntchito bwana akumunyoza pamaso pa anthu, madzulo ali mumzere wa magalimoto kubwerera kunyumba komweko. Ndipo pakutha pa ndime iliyonse, kutali kwambiri, chinthu china chikukwawa kuchokera pansi pa nyanja ina yakuda ku Scotland, chikuyandikira khomo la kanyumba ka m'mphepete. Nyimboyo sikuuza chimene bamboyo achite akafika pakhomo pake. Imangokusiya pamenepo, gitala ikulira ngati chitsulo chikupalidwa.

Mbali yoyamba ya kasetiyo, kunena zoona, ndi yosakhazikika. Imayamba mothamanga, makina akubwereza kamzere kamodzi, Copeland akuwathamangitsa ngati galu pambuyo pa njinga. Kenako pali nyimbo yolankhula ndi zinyama zikuluzikulu zija zinatha kalekale, zonga chija mafupa ake aimikidwa m'nyumba ya mbiri yakale ku Karonga, kuzifunsa ngati ifenso ndi mabomba athu tikutsata mapazi awo. Inali nthawi imene America ndi Soviet Union ankalozerana zida za nyukiliya, ndipo mantha amenewo ali ponseponse m'chimbalechi. Anzake awiri aja anapatsidwa nyimbo imodziimodzi, ngati mmene mayi amagawira ana kachidutswa ka chiwindi kuti asalire. Ya Copeland, "Miss Gradenko", ndi ya mphindi ziwiri, yopepuka, ya mantha a mu ofesi ya boma lopondereza.

Ya Summers ndiye inali mlandu kwathu. Dzina lake "Mother". Munthu wa zaka 40 akukuwa ngati wagwidwa ndi ziwanda, foni ikulira, iye akuopa kuti ndi mayi ake akuimbanso, akudandaula kuti mkazi aliyense amene apeza amasanduka mayi akewo. Kagundidwe kake n'kowerenga kasanu ndi kawiri, moti phazi likafuna kuvina limaphonya poponda. Amalume sankailola. Ikangoyamba ankadina batani, n'kutulutsa kaseti, n'kundipatsa.

"Dumphitsa iyi. Munthu wolalatira amake chonchi angatibweretsere tsoka m'nyumba."

Ndinafika podziwa kuti ndizunguze cholembera kangati kuti ndiidumphe ndendende. Ndaimvetsera yonse ndili wamkulu, ndipo ndikuganiza kuti amalume analakwa pang'ono chabe. Si nyimbo yabwino. Koma ndi malo okhawo m'chimbale chonse pamene munthu akukuwa poyera zimene ena onse akunong'ona mwaulemu.

Ukatembenuza kaseti, dziko limasintha. Nyimbo zinayi zotsatizana, zonse za Sting, zonse zoyenda pang'onopang'ono, ndipo sindidziwa mbali ina ya chimbale cha rock imene ili yoyera chonchi. Apa m'pamene pali ukwati winawo umene unkatha. Mu 1982 Sting anasiyana ndi mkazi wake woyamba, Frances Tomelty, n'kupita kwa Trudie Styler, yemwe anali mnzake wa Tomelty ndiponso woyandikana naye nyumba. Nyuzipepala za ku Britain zinamudya wamoyo. Anathawira ku Jamaica, kukakhala ku Goldeneye, nyumba imene Ian Fleming ankalembera nkhani za James Bond, ndipo kumeneko n'kumene analemba nyimbo ija timalowera nayo m'holo. Iye mwini wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti ndi nyimbo yoipa mtima, ya nsanje ndi ya kulonda munthu, ndipo amadabwa anthu akamamuuza kuti anaivina pa ukwati wawo.

Koma sindiwaimba mlandu azakhali anga, ngakhale azungu amene Chingerezi n'chawo nawonso anapusitsika. Chimene chimapusitsa si mawu. Ndi gitala ija. Sting anabweretsa nyimboyi ili ndi limba, makodi ake ndi akalekale omwe aja a nyimbo zachikondi za m'ma 1950, ndipo kwa milungu ingapo iye ndi Copeland ankakangana za kagundidwe kake mpaka nyimboyo inatsala pang'ono kutayidwa. Ng'oma zimene mumamva si munthu kukhala pansi n'kumenya kamodzi ayi. Anachita kuzilumikiza chidutswachidutswa. Kenako anamuuza Summers kuti alowe achite zake. Iye panthawiyo anali atangojambula chimbale ndi woimba gitala mnzake, Robert Fripp, ndipo ankaphunzira nyimbo za Béla Bartók, wopeka nyimbo wa ku Hungary. Analowa, natambasula zala pa gitala motalika kuposa mmene ambiri angathere, dzanja lamanja likutsamira pang'ono pa zingwe kuti mawu asatalike, naimba kamodzi kokha. Basi. Ndi zimene zili pa kasetiyo. Yesani kuiimba nokha ngati muli ndi gitala. Mphindi imodzi isanathe kachala kakang'ono kayamba kupweteka.

Gitala imeneyo imakunyengerera. Imayenda mofatsa, mosasintha, ngati wotchi, ngati mapazi a munthu amene akukutsata chapatali osafulumira. Ukafuna uimve ngati chikondi chosatha, imalola. Ukafuna uimve ngati munthu waima pa mdima kuseri kwa mpanda wako, imalolanso.

Ife a zaka zimenezo tanthauzo lachiwirili sitinkafunika kuliphunzira kusukulu. Kaseti ya amalume inali ndi nyimbo ina kumapeto imene pa chimbale chachikulu chakuda panalibe, "Murder by Numbers". Ndi yachipongwe, ya kayimbidwe ka jazz: mphunzitsi akufotokoza mofatsa kuti kupha munthu n'kosavuta ngati kuwerenga, ndipo ukafuna kupha ambiri osagwidwa, khala mtsogoleri wa dziko. Amalume Chingerezi ankachimva bwino ndithu, anachiphunzira ku migodi ndi m'nyuzipepala. Tsiku lina madzulo tili pakhonde nyimboyi ikulira, bambo wina wa m'dera lathu, wa udindo m'chipani, yemwe ankayenda ndi makhadi m'thumba la malaya, anatulukira pa ngodya ya nyumba. Ndinaona dzanja la amalume likupita pa wailesi popanda iwo kutembenuka, n'kutsitsa mawu mpaka ziii.

"Mwaswera bwanji, atcheya?"

"Taswera, kaya inu. Zikumveka bwinotu zoimbira za ku Joni."

"Aa, n'zachikondi izi, atcheya. Za anyamata."

Atadutsa, amalume sanakwezenso. Anatulutsa kaseti, naiika m'thumba la jekete, n'kutsegula MBC. Sanandifotokozere chilichonse, ndipo ine sindinafunse. Linali dziko limene ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchula dzina loti Cecilia inali yoletsedwa. Patapita zaka zambiri ndinazindikira kuti "Every Breath You Take" inatuluka mu Meyi 1983, mwezi womwewo umene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto, mpaka kafukufuku wa mu 1994 anadzaulula kuti anachita kuphedwa. Sting sankadziwa za Thambani, kumene mitembo yawo inapezeka, ndipo sindikunena kuti pali chingwe pakati pa ziwirizi. Jung akanati chilipo. Agogo anga akanagwirizana naye.

Nyimbo ziwiri zotsatira ndizidutsa msanga, ngakhale zinagulitsa kwambiri. "King of Pain" ndi munthu akuwerenga zinthu zomvetsa chisoni chimodzichimodzi, kuyambira kadontho kakuda pa dzuwa, n'kumati chilichonse ndi mzimu wake. Imayamba ndi piyano ndi kachida kolira ngati valimba, ndipo pamene ng'oma zimalowa thupi limachita tsembwe. Koma pena Sting amadzimvera chisoni mopyola. "Wrapped Around Your Finger" ndi wophunzira akuuza mphunzitsi wake kuti lero wandikulunga pa chala, mawa zidzatembenuka. Muli mayina a nthano za Agiriki ndi a chiwanda cha m'mabuku a ku Germany, chizindikiro chakuti uphunzitsi uja sunamuchoke. Ndimadzifunsa kuti Copeland, yemwe anakamutenga Sting ku Newcastle n'kumuitanira ku London, ankamva bwanji pomenya ng'oma pansi pa mawu amenewa.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi "Tea in the Sahara". Nkhani yake inachokera m'buku la Paul Bowles la mu 1949. Atsikana atatu apachibale ali ndi khumbo limodzi lokha pamoyo wawo, kumwa tiyi m'chipululu cha Sahara ndi mnyamata wina. Mnyamatayo akuwalonjeza kuti adzabweranso. Iwo akukwera phiri la mchenga ndi makapu awo n'kumadikira, maso kumwamba. Sabwera. Amapezeka makapu ali m'manja, odzaza mchenga. Apa onse atatu akuimba ngati akuopa kudzutsa mwana. Besi ikugunda kawiri n'kupuma. Copeland, munthu amene manja ake sadziwa kukhala chete, akungokhudza tizitsulo take mopepuka. Gitala ya Summers simveka ngati gitala n'komwe. Imabwera ngati mtambo n'kuzimirira, sumva pamene chala chakhudza chingwe. Ndili mwana ndinkaiona yotopetsa. Tsopano ndikaimva ndimakumbukira akazi a kumudzi kwathu amene amuna awo anakwera ndege ya ku migodi n'kungokhala matchona, iwo n'kumasesabe pabwalo chaka ndi chaka Khirisimasi ikayandikira. Amalume anali mmodzi mwa amene anabwerera. Nyimbo imeneyi sankaidumphitsa, ndipo ikamalira sankalankhula.

Chimbalechi chinatuluka mu Juni 1983 ndipo chinachita zimene palibe ankayembekezera chaka chimenecho: chinatsitsa Thriller ya Michael Jackson pa nambala wani ku America, n'kukhalapo milungu 17. Nyimbo ya pa ukwati ija inakhala pamwamba milungu 8 ku America ndi milungu 4 ku Britain. Pa mphoto za Grammy mu 1984, usiku umene Jackson anasesa mphoto 8, ya nyimbo yopambana pachaka inamudutsa n'kupita kwa Sting. Kanema wake wakuda ndi woyera ankaonetsedwa pa MTV, wailesi ya kanema yoonetsa nyimbo, usana ndi usiku, koma ife zimenezo tinkangomva; kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999, nkhope zija zitachita kale makwinya. Mu Ogasiti 1983 anaimba ku Shea Stadium ku New York, bwalo lomwe The Beatles anadzaza mu 1965, pamaso pa anthu pafupifupi 70,000. Sting ananena pambuyo pake kuti ali pa nsanja usiku umenewo anaona kuti afika pansonga pa phiri, kutsogolo kulibe kokwera. Ulendo wawo unathera ku Melbourne mu Malichi 1984, aliyense n'kulowera kwake.

Sanalengeze kuti banja latha. Anangosiya kubwera kunyumba. Mu 1986 anakumananso pa zoimbaimba za Amnesty International, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, ndipo pomaliza pa Giants Stadium anavula zida zawo n'kuzipereka kwa anyamata a gulu la U2 pa nsanja pomwepo. Mwezi wotsatira analowa mu situdiyo kuyesa chimbale chachisanu ndi chimodzi, koma Copeland anali atagwa pa hatchi n'kuthyoka fupa la paphewa, sakanatha kumenya ng'oma. Anayamba kukangana za makina ati a ng'oma agwiritse ntchito. Chimene chinatuluka ndi nyimbo yakale yojambulidwanso, yozizira. Anabwererana mu 2007 ndi 2008 kuzungulira dziko lonse, mabwalo kudzaza, ndalama kulowa zosaneneka, koma nyimbo yatsopano ngakhale imodzi sanajambule. Situdiyo ya ku Montserrat nayo inatha: namondwe Hugo anaiwononga mu 1989, ndipo kuyambira 1995 phiri la Soufrière Hills linayamba kuphulika mpaka kukwirira likulu la chilumbacho, Plymouth, ndi phulusa. Chipinda chodyera chija pano mukumera tchire.

Chatsala ndi kugawana katundu, ndipo inu mukudziwa kuti pamenepa m'pamene maukwati amaonetsa mtundu wake weniweni. Pa pepala, wolemba "Every Breath You Take" ndi Sting yekha. Mu 1997 Puff Daddy ndi Faith Evans anatulutsa nyimbo yolira The Notorious B.I.G., ija inavuta m'maminibasi ndi m'mabala kuno, ndipo chimene anatenga chachikulu ndi gitala ya Summers. Ndalama za wolemba zinapita kwa Sting. Mu 2019 bungwe la BMI, lotolera ndalama za olemba nyimbo ku America, linalengeza kuti nyimboyi ndi imene yaseweredwa kwambiri pa mawailesi m'kaundula wake wonse, maulendo pafupifupi 15 miliyoni. Mu 2022 Sting anagulitsa nyimbo zake zonse ku kampani ya Universal. Mu 2025 Summers ndi Copeland anakamusumira ku khoti lalikulu ku London pa nkhani ya ndalama za nyimbo. Madala atatu, wamkulu wapyola zaka 80, akulankhulana kudzera mwa maloya, aliyense m'chipinda chake ngati ku Montserrat.

Pamenepa ine ndili kumbali ya Summers, sindibisa. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Aliyense amene anaimbapo m'bandi, ngakhale ya kwaya ya kutchalitchi, akudziwa munthu uja amabweretsa kamzere kamene kamapangitsa nyimbo kukhala nyimbo, koma dzina lake silituluka pachikuto. Komabe ndikanama ndikati Sting ndi wakuba. Popanda mawu ake ndi ululu wake, Summers akanatambasula zala zake pa chiyani? Anzake awiriwo ajambula zimbale zambiri paokha, zina zabwino ndithu. Copeland anafika mpaka ku Africa kuno, ndipo mu 1985 anatulutsa chimbale chimene anajambula ndi Ray Lema wa ku Congo. Sting naye watchuka payekha zaka 40. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene payekha anapanganso chinthu chonga mbali yachiwiri ya kaseti ija. Ankafunika munthu womutsutsa m'chipinda chinacho.

Kaseti ya amalume inadyedwa ndi wailesi cha m'ma 1992. Ndinayesa kuilumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa achemwali anga, inagwira, koma pa "King of Pain" pankamveka kadzenje, ngati munthu wameza mawu. Mpaka lero ndikamamvetsera pa foni, khutu langa limadikira kadzenje kaja pamalo pake, ndipo kakapanda kubwera ndimaona ngati nyimboyo yalakwika.

Ku ukwati kuja, nyimbo ili pakati, ndinalephera kupirira. Ndinawerama n'kuwanong'oneza azakhali.

"Azakhali, mukudziwa zimene akunena mzunguyu?"

"Akuti chiyani?"

"Mkazi wamusiya. Ndiye akumuuza kuti kulikonse upite ndizikuona, chilichonse uchite ndizikulonda. Ndi nsanje yokhayokha."

Anatsegula diso limodzi, nandiyang'ana, nayang'ana mkwati yemwe anali atagwira mkwatibwi m'chiuno ngati wina amulanda.

"Ndiye walakwa chiyani? Amuna anga malemu aja ankanditsata mpaka kuchigayo." Anamasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa K1,000 yopindapinda. "Tandigwirira chikwamachi, ndikaponye isanathe."